Za M'mabanja Mwathu: BP ya Mayi Woyembekezera ndi Magazi a Khanda

 Mwezi uno tikamba nkhani ya m'chikuta. Tikudziwa kuti kwathu nkhani zotere zili ndi eni ake, ndipo mwamuna akazimva amanyamuka n'kukakhala pansi pa mtengo. Koma kuno ku Britain anamkungwi ndi ochepa, agogo ali kutali, ndipo amene amaima pamaso pa dokotala pakati pa usiku, mkazi wake ali chigonere, ndi bambo yemweyo amene kwathu akanamuthamangitsira panja. Choncho akuluakulu atikhululukire, tilankhula poyera.

Ambiri a ife tikudziwa kuti kuthamanga kwa magazi, komwe tinazolowera kungokutcha BP, n'koopsa kwa mayi wapakati. Chimene sichidziwika kwenikweni n'chakuti matendawa akakula amasiya chizindikiro m'magazi a mwana, makamaka pa mphamvu ya magaziwo youndana kuti bala litseke. Pa ntchito yathu yothandiza mabanja timakumana ndi makolo amene auzidwa, pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu mwana atabadwa, kuti mapulateleti a mwana atsika. Mawuwo akamafika pa lamya kumudzi amakhala atasanduka akuti mwana wachepa magazi, ndipo malangizo amabwera nthawi yomweyo: mayi awiritse masamba a peyala, amwe zofiira, ndipo achipatala amuwonjezere mwanayo magazi msanga. Malangizo onsewa ndi achikondi, koma akuchiza nthenda ina, osati imene dokotala wanena.

Tiyambe ndi matenda a mayi. Madokotala amawatcha pre-eclampsia. Amayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo amadziwika BP ikafika pa 140/90 kapena kuposa, pamodzi ndi mapuloteni mumkodzo kapena zizindikiro zakuti impso, chiwindi kapena ubongo zayamba kuvutika. Padziko lonse amagwira amayi 2 mpaka 8 mwa amayi 100 alionse oyembekezera. Ngakhale amaonekera pa mkono pamene namwino wamanga lamba woyezera, gwero lake lili mu nsengwa. M'miyezi yoyambirira nsengwa imayenera kuzika mizu m'chiberekero n'kukulitsa mitsempha ya mayi, kuti magazi azifika ochuluka koma mosathamanga. Zimenezi zikapanda kuchitika bwino mitsempha imakhala yopapatiza, nsengwa imalandira magazi operewera, ndipo imayamba kutulutsa zinthu zimene zimapweteka mitsempha ya m'thupi lonse la mayi. Mankhwala alipo otsitsa BP, ndipo alipo magnesium sulphate, amene kafukufuku wa Magpie wa mu 2002, wochitika m'mayiko 33, anasonyeza kuti amachepetsa ngozi ya kukomoka ndi theka. Koma matendawo amatha pokhapokha mwana ndi nsengwa atuluka. N'chifukwa chake ana ambiri a amayi otere amabadwa masiku asanakwane, madokotala atachita kusankha kuti ndi bwino mwana akakulire kunja kusiyana n'kuti mayi ndi mwana atayike onse.

Tsono taganizani za mwana amene wakhala masabata angapo kuseri kwa nsengwa yotero. Chakudya chimamufika chochepa, ndiye amabadwa wopepuka. Mpweya wa okosijeni nawonso umamufika wochepa. Thupi lake limachita zimene banja limachita m'chaka cha njala: limasiya zina kuti lipulumutse chofunika kwambiri. Maselo onse a magazi amachokera ku mbewu imodzi, ndipo mpweya ukachepa thupi limalimbikira kupanga maselo ofiira, onyamula mpweyawo, ena n'kupangidwa ochepa. M'gulu la otsalirawo muli maselo oyera amene amalimbana ndi matenda, ndiponso mapulateleti, tizidutswa ting'onoting'ono timene timathamangira pa bala n'kumatirirana kuti magazi asiye kutuluka. Mu 1996 madokotala awiri a ku London, Neil Murray ndi Irene Roberts, anasonyeza kuti makanda obadwa msanga amene mapulateleti awo anatsika m'masiku oyamba anali ndi maselo ochepa opangira mapulateletiwo. Apa ndiye pali chodabwitsa. Mwana amene kumudzi akumulira kuti wachepa magazi, nthawi zina maselo ofiira amakhala nawo ochuluka kuposa muyeso, magazi ake ali okhuthala, moti angathe kugwidwa chikasu pamene thupi likuphwanya otsalawo.

Kuundana kwa magazi kuli ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi mitsempha yeniyeniyo, imene iyenera kukhala yolimba ndi yotha kufinyika ikadulidwa. Lachiwiri ndi mapulateleti aja. Lachitatu ndi mapuloteni opangidwa m'chiwindi, amene amaluka ulusi womanga mapulateletiwo kuti chotseka balacho chisakokoloke. Mapuloteni amenewa sadutsa nsengwa. Mwana salandira kwa mayi ake, amapanga yekha. Dokotala wa ku Canada, Maureen Andrew, ndi anzake anafalitsa mu 1987 ndi 1988 zimene anapeza atayeza makanda ambiri: ena mwa mapuloteniwa pobadwa amakhala pafupifupi theka la muyeso wa munthu wamkulu, ndipo amayandikira muyesowo mwana akamakwanitsa miyezi 6. Kwa mwana wathanzi wobadwa pa nthawi yake zimenezi si matenda, ndi chilengedwe, ndipo mphika umakhazikika ndithu. Koma mwana wa mayi amene anadwala kwambiri amatha kupezeka mafuwa onse atatu akugwedera. Mitsempha ndi yanthete chifukwa wabadwa msanga, mapulateleti ndi ochepa chifukwa cha nsengwa, ndipo chiwindi n'chosakhwima.

Pali chisokonezo chimodzi chimene tiyenera kuchichotsa tisanapitirire. Amayi ena nawonso mapulateleti awo amatsika, makamaka pa vuto lotchedwa HELLP, dzina limene dokotala wa ku America, Louis Weinstein, analipereka mu 1982, pamene maselo ofiira amasweka, chiwindi chimavulala ndipo mapulateleti amatha. Banja likamva kuti mayi ndi mwana onse atsika mapulateleti limaganiza kuti mayi wapatsira mwana magazi oipa, ndipo tamvapo ena akuletsa mayi kuyamwitsa. Si choncho ayi. Mwa mayi mapulateleti amatha chifukwa akugwiritsidwa ntchito mopitirira m'mitsempha yovulala. Mwa mwana amachepa chifukwa sanapangidwe okwanira. Palibe chopatsirana, ndipo bere lilibe mlandu. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane mkaka wa mayi ake ndi mankhwala, chifukwa umateteza matumbo ake ku matenda oopsa, ndipo ngakhale timadontho toyamba tachikasu tija anamwino amatisunga mosamala.

Tsopano tikambe za manambala, pakuti m'chipinda cha makanda odwala amalankhula ndi manambala, ndipo kholo losawadziwa limangogwedeza mutu. Dokotala akati 150, akutanthauza mapulateleti 150,000 m'kadontho kochepetsetsa ka magazi. Kuyambira 150 kupita m'mwamba n'kwabwino. Kutsika kumene kwabwera chifukwa cha nsengwa kumaoneka m'maola 72 oyamba, ndipo kuli ndi njira yake yodziwika. Nambala imapitirira kutsika masiku angapo, imafika pansi pake cha pa tsiku lachinayi kapena lachisanu, kenaka imayamba kukwera yokha, ndipo mwa ana ambiri imakhala itabwerera m'malo pofika masiku 7 mpaka 10. Sikawirikawiri kuti itsike kupitirira 50.

Tikutsindika za kutsika kwa masiku oyambaku chifukwa ndi kumene kumathyola mitima. Lolemba mwauzidwa 120, Lachiwiri 95, Lachitatu 80, ndipo mukuona ngati mwana akukupulumukani m'manja achipatala akungoyang'ana. Pomwe kwa iwo, ngati mwana sakutaya magazi ndipo alibe matenda ena, manambalawo akuyenda m'njira yomwe amaiyembekezera. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumavuta ngati munthu sanauzidwe chimene akudikira. Ndiye funsani. Nambala ya lero ndi yotani? Mukuyembekezera kuti itsika kufika pati? Mudzayezanso liti? Ndi pa nambala iti pamene mudzachitepo kanthu? Mayankhowo alembeni m'kabuku, chifukwa mutu wa kholo losagona susunga kanthu, ndipo kabukuko kadzakuthandizani pofotokozera a kumudzi.

Sitikunena kuti palibe choopsa. Ngozi yaikulu kwa mwana wobadwa masabata 32 asanakwane ndi kukha magazi mkati mwa ubongo, kumene kumachitika kwambiri m'masiku atatu oyamba. N'chifukwa chake amamuunika mutu ndi makina kudzera pa liwombo, ndipo n'chifukwa chakenso mayi amabayidwa majekeseni a steroid asanachire, amene amakhwimitsa mapapo a mwana ndi kuchepetsa ngozi imeneyi. Ndiponso si kutsika kulikonse kumene gwero lake ndi BP ya mayi. Nambala ikagwa kwambiri tsiku loyamba lomwe mwa mwana wooneka wathanzi, madokotala amafufuza ngati chitetezo cha m'thupi la mayi chinaukira mapulateleti a mwana. Ikagwa mwadzidzidzi patapita masiku atatu, amaganizira za tizilombo tolowa m'magazi kapena matenda a m'matumbo, ndipo amenewo sadikira. Choncho mukaona akumubaya kawirikawiri kuti atenge timagazi, si nkhanza, ndipo timagazito sakupita nato kwina kulikonse. Tanena izi chifukwa mantha a anamapopa ena a ife tinakwera nawo ndege.

Nanga bwanji osangomuwonjezera mapulateletiwo? Nzeru za masiku onse zimati chimene chachepa chiwonjezeredwe, ndipo madokotala nawonso anaganiza motero kwa zaka zambiri. Chimene chinasintha maganizowo ndi kafukufuku wotchedwa PlaNeT-2, wochitika m'zipatala za ku Britain, Ireland ndi Netherlands, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2019. Anatenga makanda 660 obadwa masabata 34 asanakwane, onse a mapulateleti otsika kwambiri. Theka ankawawonjezera nambala ikangotsika kupitirira 50, pamene theka linalo ankadikira mpaka itsike kupitirira 25. M'gulu lowonjezeredwa msanga, ana 26 mwa 100 alionse anamwalira kapena kutaya magazi kwambiri m'masiku 28. M'gulu lodikira anali 19 mwa 100. Kufulumira ndi kumene kunavulaza ambiri. Mapulateleti operekedwawo amachokera kwa anthu akuluakulu, ndipo thupi la khanda lolemera kilogalamu imodzi siliwalandira ngati madzi akumwa. Chichokereni nthawi imeneyo zipatala zambiri zimadikira mpaka 25 ngati mwana sakutaya magazi. Akakhala kuti akutaya, ndiye amamuwonjezera osayang'ana lamulo limenelo.

Tikudziwa chifukwa chake ena a ife sitikhulupirira msanga tikauzidwa kuti tidikire. Lipoti la MBRRACE-UK la mu 2018 linasonyeza kuti amayi achikuda kuno ankamwalira pa uchembere kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi azungu, ndipo ngakhale malipoti otsatira asonyeza kusiyana kocheperapo, kusiyanako sikunathe. Mayi amene anadandaula mutu kawiri konse osamvedwa ali ndi chifukwa chokayikira akauzidwa kuti mwana wake ali bwino. Ife sitimuuza kuti aleke kukayikira. Timamuuza kuti kukayikira kwake kukhale kofunsa mafunso, osati kokalipira namwino wa usiku amene sanasankhe chilichonse. Muli ndi ufulu wopempha kuonana ndi dokotala wamkulu woyang'anira mwana wanu. Muli ndi ufulu wopempha womasulira, ndipo chonde musalole kuti mwana wanu wa sukulu kapena mlamu wanu ndiye amasulire nkhani yotere. Abale athu amene chipembedzo chawo sichilola kulandira magazi anene zimenezi msanga, zinthu zisanathine, kuti akambirane ndi madokotala mitima ili pansi. Adziwenso kuti kuno, moyo wa mwana ukakhala pa ngozi ndipo makolo akukana, chipatala chikhoza kupita ku khoti.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Banja lomwelo limene likukakamira kuti mwana awonjezeredwe magazi, nthawi zina ndi lomwe linakana jekeseni ya vitamini K pa tsiku lobadwa. Vitamini ameneyu, amene Henrik Dam wa ku Denmark anamutulukira nalandira naye mphoto ya Nobel ya 1943, ndi amene chiwindi chimafuna kuti anayi mwa mapuloteni a fuwa lachitatu lija agwire ntchito. Amadutsa nsengwa movutikira, mumkaka wa m'mawere alimo wochepa, ndipo tizilombo tabwino ta m'matumbo timene timamupanga mwa akuluakulu timakhala tisanakhazikike. Choncho khanda lililonse limabadwa naye woperewera, kaya mayi anali ndi BP kapena ayi. Bungwe la madokotala a ana ku America linalangiza mu 1961 kuti khanda lililonse lizimulandira. Kuno amabaya miligalamu 1 pa ntchafu kwa mwana wobadwa pa nthawi yake, pamene ana aang'ono kwambiri amalandira muyeso wogwirizana ndi kulemera kwawo, ena kudzera mumtsempha. Tisanamizane, vitamini K sakweza mapulateleti. Koma mwana amene fuwa lina likugwedera kale, n'kulakwa kumuchotseranso lina dala.

Mantha a jekeseniyi ali ndi mbiri yake. Mu 1992 kafukufuku wa ku Bristol, wotsogoleredwa ndi Jean Golding, anaganizira kuti mwina pali mgwirizano pakati pa jekeseniyi ndi khansa ya ana. Nkhaniyo inafufuzidwa mobwerezabwereza m'mayiko angapo, ndipo kafukufuku wamkulu wa khansa ya ana kuno ku Britain, wofalitsidwa mu 2003, sanapeze umboni wotero. Koma mphekesera ili ndi moyo wautali kuposa kafukufuku, ndipo tsopano ikuyenda pa WhatsApp itasakanizidwa ndi nkhani za katemera, ngakhale vitamini K si katemera. Zotsatira za kukana n'zodziwika. Mu 2013 ku Nashville, m'dziko la America, makanda anayi anagonekedwa m'chipatala akutaya magazi chifukwa chosowa vitamini ameneyu, atatu mwa iwo mu ubongo, ndipo onse anayi makolo awo anali atakana jekeseni. Bungwe la CDC limanena kuti khanda losabayidwa lili pa ngozi yowirikiza ka 81 ya kutaya magazi kwa mtundu umenewu. Kuipa kwake n'kwakuti kumabwera mochedwa, mwana ali ndi masabata angapo kapena miyezi, atanenepa, aliyense ataiwala za chipatala. Amene sakufuna jekeseni akhoza kupempha wakumwa, koma ameneyo kwa mwana woyamwa bere amaperekedwa katatu, pobadwa, m'sabata yoyamba ndi pa mwezi umodzi, ndipo kudumpha kamodzi n'kusiya khomo lotsegula.

Mwana akatuluka m'chipatala, maso ndi anu. Mabuku ambiri a zaumoyo amati yang'anirani timadontho tofiira pakhungu, koma analembedwa poganizira khungu loyera. Pa khungu lathu timadonthoto timabisala. Yang'anani m'nkhama, mkati mwa zikope, m'manja ndi kumapazi. Mchombo ukamachucha magazi osasiya, pa chidendene pamene anamubaya tsiku lachisanu pakamatulukabe magazi, mukaona magazi m'mphuno, m'masanzi kapena m'thewera, kapena chimbudzi chakuda bii patapita masiku oyamba aja, pitani naye tsiku lomwelo. Liwombo likatupa, mwana akafooka osadzuka kuti ayamwe, akalira mokuwa mosazolowereka kapena akakomoka, imbani 999 osadikira kuti bambo aweruke. Chikasu chopitirira masabata awiri, makamaka chimbudzi chikakhala chotuwa, chiyezedwe, chifukwa chiwindi chodwala chimalepheretsa thupi kulandira vitamini K.

Agogo akabwera kudzathandiza m'chikuta ndi dalitso, ndipo ambiri a ife sitikanatha popanda iwo. Komabe pali zina zofunika kukambirana nawo mwaulemu asanatsegule chikwama. Mphini pa khungu la khanda ayi. Kwa mwana amene magazi ake akuchedwa kuundana, kabala ka lumo kangathe kukhala ulendo wa ku chipatala. Kuboola makutu kudikire. Mabanja amene amadula ana aamuna ali makanda asachitire kunyumba, ndipo auze wodulayo mbiri yonse ya mapulateleti ndi vitamini K asanagwire chida.

China chimene chimabwera ndi achibale, kaya pa ndege kaya pa lamya, ndi kufuna wolakwa. Mayi akatupa nkhope ndi manja amati wasemphedwa, ndipo maso onse amatembenukira kwa mwamuna kuti anayenda njira zake. Ena amati mayi anadya mchere wambiri, kapena anagwira ntchito ya usiku mopitirira chifukwa chokonda ndalama. Taona maukwati akugwedezeka pa nkhani imeneyi mwana akadali m'makina. Mitsempha ya nsengwa imene tafotokoza ija imaumbika m'miyezi yoyambirira, nthawi zina mayi asanauze n'komwe aliyense kuti waima. Palibe amene anaiumba molakwa dala. Ndipo nthawi imene banja likuzenga mlandu wa tsempho ndi nthawi yomwe mayi akanakhala ali pa sikelo. Kutupa mapazi kokha n'kofala ndipo kawirikawiri si vuto, koma kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, mutu wosamva mankhwala, kuona nyenyezi m'maso, kusanza, ndi kupweteka pansi pa nthiti kumene ambiri amakuyesa chilungulira, zimenezo n'zoimbira azamba ola lomwelo.

Mayi amene wachira tisamuiwale. Tikalowa m'chipinda cha makanda timapeza amayi atakhala pa mpando tsiku lonse, bala la opaleshoni lili laliwisi, osadya, atadumpha mapiritsi awo chifukwa maso ali pa manambala a mwana. BP imakonda kukweranso pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu mwana atabadwa, nthawi yomweyo imene mapulateleti a mwana ali pansi, ndipo pre-eclampsia imatha kuyamba kumene mayi atachira kale. Mankhwala oyenera woyamwitsa alipo; malangizo a NICE a mu 2019 amatchula nifedipine kapena amlodipine kwa amayi ochokera ku Africa. Asasiye kumwa poopa mkaka. Abambo, iyi ndi ntchito yanu: kuona kuti amayi a kunyumba adya, amwa mankhwala ndipo ayezedwa. Musanene kuti kuntchito sakulolani musanafunse. Kuyambira pa 6 April 2025, ku England, Scotland ndi Wales, kholo lolembedwa ntchito limene mwana wake walowa m'chipinda cha makanda odwala m'masiku 28 oyamba n'kukhalamo masiku 7 otsatizana kapena kuposa, lili ndi ufulu wa tchuthi chofika masabata 12, chowonjezera pa matchuthi ena a uchembere. Ufulu wa tchuthicho umayamba tsiku loyamba la ntchito, ngakhale malipiro ake amadalira nthawi imene mwagwira ndi ndalama zimene mumalandira.

Njira yabwino yotetezera magazi a mwana ndi kuthandiza nsengwa nthawi ikadalipo. Kafukufuku wa ASPRE wa mu 2017 anasonyeza kuti aspirin wa mamiligalamu 150 tsiku lililonse, kwa amayi amene ali pa chiopsezo, anachepetsa ndi 62 peresenti pre-eclampsia yochititsa kuti mwana abadwe msanga. NICE imalangiza mamiligalamu 75 mpaka 150 kuyambira sabata ya 12 kwa amayi amene anadwalapo BP pa mimba ina, a BP yakale, a shuga, a matenda a impso kapena lupus, ndiponso kwa amene ali ndi ziwiri kapena kuposa mwa izi: mimba yoyamba, zaka 40 kapena kuposa, kudumpha zaka zoposa 10 chiberekereni, kunenepa kwambiri, mapasa, kapena mbiri ya matendawa m'banja. Ena amaopa kuti aspirin asungunula magazi a mwana. Kafukufuku wamkulu wa CLASP wa mu 1994, wa amayi oposa 9,000, sanapeze kuti makanda anataya magazi kwambiri chifukwa cha muyeso wochepa. Komatu musakagule nokha. Alembe ndi dokotala kapena mzamba.

Vuto lathu n'lakuti aspirin ameneyu amathandiza kwambiri akayambidwa masabata 16 asanakwane, pamene mwambo wathu umati mimba siinenedwa isanaoneke. Bisirani a pa mpingo ndi a kumudzi ngati mufuna, koma mzamba akuoneni masabata 10 asanakwane. Amene mapepala awo okhalira kuno sali bwino amaopa bilu, ndipo n'zoona kuti ku England ena amalipiritsidwa. Koma lamulo limati chithandizo chonse cha uchembere n'chosayenera kukanizidwa kapena kuchedwetsedwa chifukwa munthu alibe ndalama, ndipo kulembetsa kwa GP n'kwaulere kwa aliyense. Bungwe la Maternity Action limalangiza pa za mabiluwa, la Action on Pre-eclampsia pa za matendawa, ndipo la Bliss limathandiza makolo a ana obadwa msanga.

Mzamba akadzafunsa ngati m'banja mwanu muli mbiri ya pre-eclampsia, ambiri timayankha kuti ayi, chifukwa dzinalo sitinalimvepo kwathu ndipo makadi a sikelo a amayi athu anadyedwa ndi chiswe kalekale. Imbani lamya kumudzi ndipo mufunse m'mawu amene iwo akuwadziwa. Kodi amayi kapena achemwali anatupapo nkhope ali ndi pakati? Anakomokapo pochira ngati wodwala khunyu? Anawang'ambapo masiku asanakwane chifukwa cha BP? Panabadwapo mwana wochepa kwambiri, kapena wopitirira? Mafunso ena mwa awa ndi olemera, ndipo ndi bwino kuwatumiza kudzera kwa azakhali. Zimene akuuzeni zilembeni pa tsamba loyamba la mapepala anu a sikelo. Za mwana wobadwa kale, lembani m'kabuku kake kofiira nambala yotsikitsitsa ya mapulateleti, tsiku limene inabwerera m'malo, ndiponso ngati vitamini K anamulandira pobaya kapena pakumwa.